Anthu asanu a mu 2003 aja anatuluka bwanji m'dziko muno khoti litaletsa?

WapaZingwangwa
Abale, ndili ndi funso kwa inu amene munali akuluakulu kale mu 2003. Mu June chaka chimenecho apolisi athu, mothandizana ndi akazitape a ku America a bungwe la CIA, anagwira anthu asanu mumzinda wa Blantyre powaganizira kuti ankathandiza gulu la zigawenga la al-Qaeda. Awiri anali a ku Turkey, mmodzi wa ku Saudi Arabia, mmodzi wa ku Kenya, wina wa ku Sudan. Maloya awo anathamangira ku High Court ndipo khoti linapereka chiletso choti asatulutsidwe m'dziko muno. Koma anthuwo anakwezedwabe ndege. Patatha pafupifupi mwezi anakatulukira ku Sudan, atamasulidwa, opanda mlandu uliwonse. Zinatheka bwanji kuti boma linyozere khoti chonchi? Nanga bwanji nkhaniyi sitiikamba?

MwanaWaMangochi
Ife kwathu kuno timaikamba, achimwene. Mbiri itamveka kuti anthu aja apita, ku Mangochi kunabuka zipolowe. Achinyamata okwiya anaphwanya matchalitchi, anawononganso ofesi ya Save the Children chifukwa choti ndi bungwe la ku America, mpaka boma linatumiza asilikali. Ku Blantyre anthu anakagenda maofesi a Muslim Association of Malawi, ati atsogoleri sanachitepo kanthu. Chimene chimandipweteka n'chakuti amene anavutika sanali a CIA. Anali anansi athu. Kwathu banja limodzi mumapezeka wina wopita ku mzikiti Lachisanu, wina ku tchalitchi Lamulungu, maliro timalira limodzi. Masiku amenewo anthu ankaopana pa mjigo. Panatenga nthawi kuti mitima ikhale pansi. Amene anaphwanya matchalitchi analakwa kwambiri, sindikuwaikira kumbuyo, koma moto uja unayatsidwa ndi amene anakweza anthu ndege usiku.

Kalulu77
Musaiwale nyengo imene zinthuzi zinkachitika. Pa 7 August 1998 mabomba anaphulika ku maofesi a kazembe wa America ku Nairobi ndi ku Dar es Salaam, anthu 224 anafa. Mwa amenewo a ku America anali 12 okha, pafupifupi ena onsewo anali anzathu a ku Kenya ndi Tanzania, anthu ongodutsa pamsewu, ena ali m'mabasi. Mu November 2002 anaphulitsanso hotela kufupi ndi Mombasa, n'kuyesera kugwetsa ndege ndi mizinga. Tanzania ndi pakhomo pomwepa. Mukanakhala inu mtsogoleri, wina n'kukuuzani kuti ndalama za zigawenga zikudutsira mu Limbe, mukanadikira za khoti?

Nachisale_LL
Eya, mukanadikira. Khoti linakhazikitsidwira chiyani nanga?

Kalulu77
Kuyankhula n'kosavuta bomba lisanaphulike pa depoti ya kwanu, achemwali.

LoyaWaMawa
A Kalulu77, mantha amene mukunenawo anali enieni, palibe angatsutse. Koma tiyeni tisiyanitse zinthu ziwiri zimene anthu amazisakaniza.

Dziko lina likafuna munthu amene ali kuno, njira ilipo. Limatumiza pempho ku boma lathu, limasonyeza mlandu ndi umboni, munthuyo amaonekera pamaso pa woweruza ali ndi loya wake, ndipo khoti ndi limene limanena ngati apite kapena ayi. Tili ndi lamulo lake la zimenezi. Zimene zinachitika mu 2003 sizinali choncho. Kunali kungomutenga munthu n'kumupereka m'manja mwa alendo, popanda pepala, popanda wodziwa kumene akupita.

Malamulo oyendetsera dziko lino, ndime 42, amati womangidwa afikitsidwe ku khoti pasanathe maola 48, auzidwe chifukwa chimene wamangidwira, aonane ndi loya. Ndime 19 imaletsa kuzunza munthu mwa njira ina iliyonse. Samati "nzika za Malawi zokha". Amati munthu. Tinalowanso m'pangano la United Nations loletsa kuzunza anthu mu 1996, ndipo panganolo limaletsa kutumiza munthu kumene kuli chiopsezo choti akazunzidwa. Limanenanso poyera kuti nkhondo kapena chipwirikiti si chifukwa chololezera kuzunza.

Onani zimene zinachitika ku South Africa. Khalfan Khamis Mohamed, mmodzi mwa amene anakonza bomba la ku Dar es Salaam, anagwidwa ku Cape Town mu 1999 n'kuperekedwa mwachinsinsi kwa a FBI, apolisi ofufuza milandu a ku America. Mu 2001 Constitutional Court ya kumeneko inagamula kuti boma linaphwanya lamulo pomupereka popanda kulonjezedwa kuti sakapatsidwa chilango cha imfa. Munthuyo anali wolakwadi, akugwira ukaidi wa moyo wonse. Khotilo silinanene kuti ndi wabwino. Linanena kuti boma nalonso lili pansi pa lamulo, ngakhale pa munthu woipa chotere.

GogoWaKuZomba
Adzukulu, ine nkhani zoba anthu n'kuwawolotsa malire sindinazimvere ku America. Tsiku loti mawa ndi Khirisimasi mu 1981, a Orton Chirwa ndi mayi Vera Chirwa anatengedwa cha ku malire a kum'mawa kwa Zambia n'kubweretsedwa kuno. Anawazenga mlandu woukira boma ku khoti la mafumu, kumene loya sankaloledwa. Mu 1983 anawagamula kuti aphedwe, kenaka chilango chinasinthidwa kukhala ukaidi wa moyo wonse. A Orton anafera m'ndende ya kuno ku Zomba mu October 1992. Mayi Vera anatuluka mu January 1993. Ku Mikuyu ndi ku Dzeleka kunadzaza anthu osaonekerapo ku khoti, ena zaka zisanu, ena kuposa. Maola 48 mukuwerenga m'bukuwo sanangolembedwa. Amene analemba malamulo mu 1994 anali ndi abale amene anapita osabwerako. N'chifukwa chake mu 2003 ine ndinadandaula kwambiri. Zaka zisanu ndi zinayi zokha chiyambire ufulu, tinali titabwerera ku zomwe zija.

Kalulu77
Agogo, ulemu wanu, koma a Orton Chirwa sitingawaike gulu limodzi ndi anthu ophulitsa mabomba.

GogoWaKuZomba
Sindikuwaika gulu limodzi, mwana wanga. Ndikunena kuti nthawi imeneyo nafenso tinkauzidwa kuti amenewa ndi anthu oopsa, akufuna kukhetsa magazi, musafunse. Ndipo sitinkafunsa. Amene amasiyanitsa woopsa weniweni ndi wongonamiziridwa ndi woweruza atamva mbali zonse. Ukamuchotsa woweruza, watsala ndi mawu a wogwira mfuti.

WaKuChipata
Kuno ku Zambia nakonso zinachitika. Martin Mubanga, wa unzika wa Zambia ndi Britain, anagwidwa kuno mu 2002 n'kutumizidwa ku ndende ya asilikali a America ya ku Guantanamo. Anabwerera ku Britain mu January 2005, sanazengedwe mlandu uliwonse. Pafupifupi zaka zitatu za moyo wa munthu.

Mjoni_wa_Mayfair
Vuto ndi umphawi basi. Bajeti yathu nthawi imeneyo inkadalira thandizo la kunja. Mtsogoleri wake uti akanakaniza America chaka chimene ankalowa ku Iraq? Ndipo poti a Muluzi ndi Msilamu, ndikuona ngati ankaopa kuti akakana azinenedwa kuti akubisa zigawenga.

Yellow4Life
Yayambika. Chilichonse a Muluzi. Zipani zinazi zili ndi manja oyera? Za 20 July 2011 mwaiwala, pamene anthu 20 anafa pa zionetsero?

Mjoni_wa_Mayfair
Ndani watchula chipani apa? Werengani bwino, ine ndikuwamvetsa ndithu.

Yellow4Life
Sukulu yaulere munaphunzira ija anabweretsa ndani?

Nachisale_LL
Abale, za zipani tili ndi pokambira pake. Mafunso a WapaZingwangwa sanayankhidwe.

NesiWaKuLeeds
Ndiwonjezereko china chimene ambiri sadziwa. Asanu aja anachita mwayi kuti anatuluka msanga. Chaka chomwecho cha 2003, mu May, munthu wina wa ku Algeria dzina lake Laid Saidi, amene ankagwira ntchito ku bungwe lachifundo la Chisilamu ku Tanga m'dziko la Tanzania, anagwidwa n'kuwolotsedwa malire kulowa m'Malawi. Iye akuti anasungidwa kuno pafupifupi sabata, kenaka anaperekedwa kwa anthu a ku America amene anamuvula, kumumanga m'maso, n'kumukweza ndege ya ku Afghanistan. Kumeneko akuti anamumangirira ku denga ndi unyolo masiku angapo, m'chipinda cha mdima. Anamumasula patatha miyezi 16 popanda mlandu. Ndiye dzina la dziko lathu lili pa mndandanda wa maiko 54 amene bungwe la Open Society linawatchula mu 2013 kuti anathandizira ntchito imeneyi. Zimbabwe ndi South Africa alinso pomwepo.

Ndipo izi si nkhani za adani a America. Komiti ya Senate ya dziko lomwelo inatulutsa lipoti mu December 2014 itawerenga zikalata za CIA. Inapeza kuti anthu 119 anasungidwa m'ndende zachinsinsi, osachepera 39 anafunsidwa mafunso mozunzidwa, ndipo osachepera 26 sankayenera n'komwe kusungidwa. Kuzunza kwake kunali kuwakaniza tulo masiku ambiri ataimiritsidwa, kuwamenyetsa kukhoma, kuwatsekera m'mabokosi, ndi kuthira madzi pansalu yophimba nkhope mpaka munthu amve ngati akumira. Mkaidi wina, Abu Zubaydah, anamuchita za madzizo ka 83 mwezi umodzi. Wina, Gul Rahman, anamusiya atamangidwa unyolo pasimenti, ali pafupifupi maliseche, usiku wozizira wa November 2002 ku Afghanistan. Kutacha anamupeza atafa. Kampani ya akatswiri awiri a za maganizo amene anakonza njira zimenezi inalandira madola 81 miliyoni.

Ine ntchito yanga ndi yosamalira odwala, ndipo chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti m'zipinda zimenezo munkakhala azachipatala. Ntchito yawo inali kuona kuti munthu asafe kuti apitirize kumuzunza.

Dalaivala_wa_Nacala
Mayi, zonsezo ndamva ndipo n'zomvetsa chisoni. Koma ine ndimayenda ku Mozambique. Ndakumana ndi anthu othawa zigawenga ku Cabo Delgado. Mayi wina anandifotokozera mmene anaphera mwamuna wake iye akuona, mawu ake sindingawalembe pano. Zinayamba ku Mocímboa da Praia mu 2017, mu 2021 analowa mpaka ku Palma. Ndiye ndifunse mosabisa. Mwagwira mmodzi wa iwo, akudziwa mudzi umene anzake akauwotche usiku uno. Mumupatsa tiyi n'kumuitanira loya? Ine ndikanamufinya mpaka anene.

Kalulu77
Funso langa ndi lomwelo.

Mphunzitsi_Mzimba
Achimwene a ku Nacala, funso lanu ndi lolemera ndipo sindilipeputsa. Koma taonani zimene mwaziika kale m'funsomo. Mwati mukudziwa kuti ndi mmodzi wa iwo, mukudziwa kuti akudziwa mudziwo, mukudziwanso kuti akanena anena zoona. Pa zinthu zitatuzi, wofunsa mafunso sakhala ndi chitsimikizo ngakhale chimodzi.

Munthu akamamva ululu amanena chimene chingaletse ululuwo. Chitsanzo chake chachikulu ndi Ibn al-Sheikh al-Libi. Atagwidwa anatumizidwa ku Egypt, kumene anazunzidwa. Ananena kuti boma la Saddam Hussein linkaphunzitsa anthu a al-Qaeda za zida za poizoni. Mawu amenewo analowa m'zimene Colin Powell, nduna ya za kunja ya America nthawi imeneyo, anakanena ku United Nations mu February 2003 pofuna kuti maiko avomereze nkhondo ya ku Iraq. Mu 2004 munthuyo anabweza mawu, anati anangopeka kuti asiye kumuzunza. Nkhondo inali itayamba kale. Werengani nokha anthu amene anafa ku Iraq.

Za kugwira munthu wolakwika nazonso zilipo. Khaled el-Masri, nzika ya Germany, anagwidwa pa malire a Macedonia tsiku lomaliza la 2003 chifukwa dzina lake linkafanana ndi la munthu wina amene ankafunidwa. Anamusunga mu hotela ku Skopje masiku 23, n'kumupititsa ku Afghanistan. Atazindikira kuti si iyeyo anapitirizabe kumusunga, kenaka anakamutaya usiku m'mbali mwa msewu ku Albania. Mu 2012 khoti la ku Ulaya loona za ufulu wa anthu linagamula kuti anazunzidwa. Maher Arar wa ku Canada anamugwira pa bwalo la ndege ku New York mu 2002 n'kumutumiza ku Syria, kumene anakhala miyezi 10 m'kachipinda konga manda, akukwapulidwa ndi nthambo. Anavomera kuti anaphunzira za nkhondo ku Afghanistan, dziko limene sanapondeko. Mu 2007 boma la Canada linamupepesa n'kumupatsa chipukuta misozi cha madola a ku Canada 10.5 miliyoni.

Amene anawafinya anthu amenewa nawonso ankakhulupirira kuti akupulumutsa mudzi.

Dalaivala_wa_Nacala
Aphunzitsi, mwasankha okhawo amene anali osalakwa. Nanga Khalid Sheikh Mohammed? Uja anavomera yekha kuti anakonza chiwembu cha pa 11 September 2001 ku America.

LoyaWaMawa
Ameneyo ndiye chitsanzo chabwino, koma cha mbali inayo. Anagwidwa mu March 2003, anamuthira madzi aja ka 183. Papita zaka zoposa 20 mlandu wake ku Guantanamo usanathe, ndipo chimodzi mwa zifukwa zazikulu n'chakuti maloya akhala akukangana ngati mawu a munthu wozunzidwa angakhale umboni. Abale a anthu pafupifupi 3,000 amene anafa tsiku lija ena amwalira akudikira chigamulo.

Yerekezani ndi a mabomba a ku Nairobi ndi Dar es Salaam. Anayi anazengedwa mlandu mu khoti wamba ku New York, mboni zinaitanidwa, ena ochokera ku Kenya ndi Tanzania, ndipo mu 2001 onse anapatsidwa ukaidi wa moyo wonse. Zaka zitatu zokha. Mnzawo Ahmed Ghailani wa ku Tanzania anagwidwa mu 2004 n'kudutsa m'ndende zachinsinsi. Atafika ku khoti mu 2010, woweruza anakana mboni yofunika kwambiri ya boma chifukwa dzina lake linapezeka pomukakamiza Ghailani. Pa milandu yoposa 280 anapezeka wolakwa pa umodzi wokha. Anapatsidwabe moyo wonse, koma panatsala pang'ono kuti munthu wolakwadi apulumuke chifukwa cha amene anamuzunza.

Nachisale_LL
Tisapite kutali. Buleya Lule anafera m'manja mwa apolisi ku Lilongwe mu February 2019, akuganiziridwa pa nkhani yoba mnyamata wachialubino ku Dedza. Malawi Human Rights Commission inapeza kuti anazunzidwa. Tonse tinkafuna kudziwa amene amatuma anthu kuba abale athu achialubino. Ngati panali chimene ankadziwa, anapita nacho kumanda. Kufinya kuja kunathandiza ndani?

MwanaWaMangochi
Mlongo wanga wamng'ono anagonapo m'chitokosi pa nkhani ya foni yobedwa imene anagula kwa munthu osadziwa. Anatuluka akutsimphina, atasaina pepala lovomera kuti anaba yekha. Wakuba weniweni anagwidwa pambuyo pake. Ndikamva anthu akuti zigawenga zokha ndiye zizifinyidwa, ndimadziwa kuti dzanja likazolowera silifunsa mlandu wake ndi wotani.

Mjoni_wa_Mayfair
Pepani achemwali. Kuno ku Joni ife alendo timazidziwa zimenezo, ukangosowa pepala limodzi ulibenso mawu.

WapaZingwangwa
Zikomo nonse, ndaphunzira zambiri. Koma kodi pali dziko limene linalangako amene ankachita zimenezi?

NesiWaKuLeeds
Italy. Mtsogoleri wina wa mzikiti, Abu Omar, anabedwa masana pamsewu ku Milan mu February 2003 n'kutumizidwa ku Egypt. Oimira boma pa milandu anatsata manambala a mafoni ndi malisiti a mahotela a amene anamubawo, ndipo mu 2009 khoti linapeza anthu 23 a ku America olakwa, ngakhale anaweruzidwa iwo kulibe. Poland ndi Lithuania analamulidwa ndi khoti la ku Ulaya kulipira anthu amene anasungidwa m'ndende zachinsinsi m'maiko mwawo. Kwathu nkhani inangozilala anthu aja atatulukira ku Sudan.

GogoWaKuZomba
Ndiye pamene pali chilonda. Woweruza analamula, boma linachita zina, ndipo dziko linapitirira ngati palibe chachitika. Ine ndikanakonda Nyumba ya Malamulo ikanaitana amene anasaina kuti ndege inyamuke, afotokoze pamaso pa anthu. Mlandu suola.

Kalulu77
Pa zozunza ndamva, makamaka nkhani ya al-Libi ndi ya Ghailani. Koma pa maola 48 sindinagonje. Apolisi athu alibe zipangizo, nthawi zina ngakhale mafuta a galimoto. Munthu woganiziridwa uchigawenga, mafoni ake ali m'Chiarabu kapena Chiswahili, ndalama zake zadutsa maiko anayi, mungafufuze zonsezo masiku awiri? Mukamutulutsa pa belo mawa ali ku Tete.

Dalaivala_wa_Nacala
Malire ake ati oti n'kumuletsa? Anthu amawoloka ndi njinga tsiku lililonse.

LoyaWaMawa
Maola 48 si nthawi yomalizira kufufuza, a Kalulu77. Ndi nthawi yoti munthu aonekere kwa woweruza. Boma likhoza kupempha kuti asungidwebe pa rimandi, ndipo pa milandu ikuluikulu makhoti athu amakana belo kawirikawiri. Chimene chimasintha n'chakuti tsopano dzina lake lalembedwa, abale ake akudziwa ndende imene ali, woweruza wamuona ndi maso ngati ali ndi mabala. Ngati mukuona kuti nthawi ikuchepa, njira yake ndi kupita ku Nyumba ya Malamulo, aphungu akambirane poyera.

NesiWaKuLeeds
Kuno ku Britain anachita choncho. Mabomba a ku London a mu July 2005 atapha anthu 52, nduna yaikulu ya nthawi imeneyo, Tony Blair, anapempha kuti apolisi azisunga oganiziridwa masiku 90 asanawatsegulire mlandu. Aphungu, ena a chipani chake chomwe, anakana. Anagwirizana masiku 28, ndipo mu 2011 anatsitsa kufika pa 14. Masiku amenewonso apolisi sangowatenga okha, pakadutsa maola 48 ayenera kukapempha kwa woweruza.

Kalulu77
Masiku 14 amenewo loya amaloledwa kumuona?

NesiWaKuLeeds
Amaloledwa. Wapolisi wamkulu akhoza kuchedwetsa ngati pali chifukwa chomveka, koma osapitirira maola 48.

Kalulu77
Zoterozo ndikhoza kuvomera, bola masikuwo akhale okwanira apolisi athu, chifukwa 14 a ku London si 14 a ku Mwanza border. A LoyaWaMawa, rimandi isanayambe mlandu ku High Court malire ake ndi masiku angati masiku ano?